Njuchi Zili M'njira ya Saidi

Mwana wanga Patuma,

Ndikhulupirira uli bwino. Ine bondo lokha ndi lomwe likuvuta. Mulungu wandilemekeza: iwe ndiwe namwino ku Joni, Yusufu wagula boti la injini, Saidi akutsogolera alendo pa loji ku Nkopola.

Koma Saidiyo wandisowetsa mtendere. Lachinayi sabata yamawa akufuna kukwera phiri ndi azungu pa njinga zamoto za mateyala anayi. Njira yomwe wasankha ikudutsa pansi pa mitengo yomwe ndinapachikamo ming'oma yanga, ndipo kukatentha chonchi njuchi zimalusa zikamva injini. Nditamuchenjeza anaseka, amvekere, "Baba, pa mapu a mufoni sipakuoneka njuchi."

Umuimbire, iwe amakumvera. Adzere njira yakumtsinje ngakhale ndi yaitali.

Mulungu akusunge. Sadaka ya mayi ako ndi Loweruka lotsatira, ndipo pamkeka ndikufuna ndidzakuoneni nonse atatu.

Ndine bambo ako.