Chiuno ndi Phewa la a Borghild

Trondheim, 9 Febuluwale

Eilif mlongo wanga,

Uli bwanji kumeneko ku Dønna? Msana uja unasiya kuvuta, kapena ukungolimba mtima monga mwa masiku onse? Nanga bondo la amayi linaphwa? Ine ndili bwino, kungoti chimfine chandikakamira sabata yonse, ndipo misewu kuno ikuterera koopsa.

Pepala lija unanditumizira, lopempha malo a amayi kunyumba yosungirako okalamba, ndinalandira. Ndikudziwa kuti nkhaniyi ndinayambitsa ndine tsiku limene anagwa pa masitepe. Sindinasainebe. Usakwiye, yamba wawerenga.

Sabata yatha abwana a kukampani yathu ya zamagetsi ananditumiza kwa mayi wina wa zaka 84, a Borghild, amene amakhala okha m'nyumba yamatabwa ku Byåsen. Nawonso anagwa pa masitepe. Namwino wa kukhonsolo anawauza poyera kuti masitepewo akakhalabe amdima, alemba kalata yoti asamuke. Pankafunika getsi, swichi pansi, ina pamwamba.

Imeneyi ndi ntchito ya maola awiri ukachotsa matabwa angapo a khoma. Koma nditangotulutsa chozulira misomali, mayiwo anaima kutsogolo kwa khomalo. Anati matabwawo anapala ndi malemu amuna awo, a Oddvar, limodzilimodzi, ndipo wofuna kuwazula ayambe wazula iwowo. Anangondilola tizibowo ta maswichi. Ndiye panatsala njira imodzi: kukwera kudenga, kuboola mtanda wa pamwamba pa khoma, n'kutsitsa waya m'kati mwake.

Kudengako kumazizira ngati m'shedi mwako mosungira nsomba. Ndinakwawa pakati pa makatoni a zokongoletsa za Khirisimasi, n'kuboola mtanda woyamba bwinobwino. Chovuta ndi matabwa opingasa a m'kati, amene sungawaone. Khomalo ladzaza utuchi, monga ankachitira akale pofuna kutseka mphepo, ndiye kamakina kanga kofufuzira matabwa kankangolira paliponse. Ine podzimva ukatswiri ndinangoti tikaonera konko. Chitsulo changa chachitali choboolera chinakumana ndi msomali, n'kuthyokera m'khoma momwemo. Mawu amene ndinatulutsa sindilemba, ana ako angawerenge.

Nditatsika ndinapeza khofi ali kale patebulo. A Borghild anandiyang'ana, mutu uli mbuu ndi utuchi, n'kunena kuti, "Iwe mtsikana, kamakina kakoko kanalipo pomanga nyumba ino? Bwanji osafunsa amene tinalipo?"

Anati a Oddvar analibe nayo ntchito tepi yoyezera. Ankawaimika iwowo pakhoma, n'kukhoma thabwa lopingasa limodzi pa msinkhu wa chiuno chawo, lina pa phewa, misomali yonse kumapeto, pakati ayi. Ndinawaimika pakhoma n'kuwayeza. "Uwonjezerepo chikhatho chimodzi," anatero, "ndinafupika."

Ndinabwerera kudenga ndi chitsulo china, iwo pansi akugogoda khoma ndi supuni kuti ndimve pamene pali pakati. Thabwa loyamba ndinalipeza paphewa, lachiwiri pachiuno, ndendende. Pofika 3 koloko waya anatulukira pa kabowo ka swichi. Nditamaliza kuika getsi ndi maswichi, a Borghild anayatsa n'kuzimitsa kasanu konse, kenako anakwera okha masitepe kukayesa yapamwamba, atandiletsa kuwagwira mkono. Namwino anabwera Lachinayi. A Borghild sasamuka.

Eilif, m'basi pobwerera ndinagwidwa ndi manyazi. Zaka khumi ndi ziwiri ndikuika magetsi m'nyumba za eni, koma masitepe a kwathu akadali ndi babu limodzi lija, swichi yake pansi pokha. Amayi amatsika mopapasa khoma, ine mwana wawo wamagetsi n'kuthamangira pepala. Sindinawafunse n'komwe chimene chinawagwetsa.

Pempho langa ndi limodzi: za pepalazi tidikire mpaka Pasaka. Ndifika Lachitatu likubwerali pa sitima yamasana, zida zili m'chikwama, ndidzaike magetsi ndi chogwirira mbali zonse ziwiri. Ndikudziwa kuti amene umawadzutsa akagwa ndiwe, ine ndili kutali kuno, ndiye ukanena kuti watopa sindikuweruza. Koma tisawachotse m'nyumba mwawo chifukwa cha ntchito ya tsiku limodzi imene ine ndinaizengereza.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga Vigdis, umuthokoze chifukwa cha masokosi aja, akundipulumutsa m'madenga muno. Moni kwa ana, kwa azakhali a Magnhild, ndi amalume a Steinar ngati ayambanso kuvala kothandizira kumva kaja. Amayi uwakumbatire, koma za pepala usawauze. Ndidzawauza ndekha titakhala pansi, kuti amene ankafuna kuwasamutsa sunali iwe.

Ndine mlongo wako,
Torunn