Tochi ya malemu siichoka pano

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Joni pamodzi ndi banja lonse. Kuno ku Kapondo tilipo, ndipo chifuwa cha Chisomo chinatha.

Ndati mumve kwa ine, alamu anga a Yohane asanakuimbireni foni. Mukuikumbukira tochi ija bambo a Chisomo ankasunga m'kabokosi ka m'galimoto? Tsiku logawa katundu wa malemu, abale awo anatenga galimoto, wailesi ndi matilesi omwe. Tochiyo a Yohane anaiyesa, ndipo itakana kuyaka anandiponyera pamiyendo.

Mwezi watha ndinapita nayo kwa mayi wina wokonza mafoni paboda. Anaitsegula, kupala dzimbiri, n'kuchotsa batire lomwe linali litafufuma. Anaikamo batire la foni ndi babu latsopano, n'kuikonza kuti ndizitchaja pa sola, poti galimoto yotchajirapo ndilibe. Pano imawala kuposa kale, kuchokera pakhonde mpaka kukhola la mbuzi.

Lamulungu a Yohane anaiona pawindo. Akuti, "Mlamu, iyo ndi ya m'bale wathu, ibwerere kwathu." Ndinalowa m'nyumba, kutenga batire lofufuma lija ndi babu lakupsa, n'kuwapatsira m'manja. Ndinati, "Za m'bale wanu ndi izi. Zikuwalazo ndi zanga."

Amalume akuti ndingoipereka kuti pakhale mtendere, koma ndakana. Inunso a Yohane akakuimbirani musandipepesere.

Mukamabwera mudzanditengereko chingwe chotchajira chachitali. Mulungu akusungeni. Tochiyo ili pawindo pomwepo, sindinaibise.

Ine mlongo wanu,
Esinati