Kiyi ya pompi ya ku Nangongwe

Ba Dainess, akulu anga,

Muli bwanji? Nanga msana uja ukuti bwanji? Ine kuno ku Korea ndili bwino, kungoti kukuzizira mpaka munthu kuiwala kuti uli ndi makutu. Ndikudziwa mwadabwa kuti ndakulemberani. Chonde musang'ambe kalatayi musanafike pansi.

Loweruka lapitali a kusukulu yathu ya unesi anatitengera kumalire a Korea ya kumwera ndi ya kumpoto, pamalo pamene mbali ziwirizi zimakumana kukambirana zoleka nkhondo. Pali tinyumba tabuluu, asilikali uku ndi uku. Malire enieniwo ndi kasimenti kakafupi, koti nkhuku ingadumphe, koma palibe amene amawoloka.

Tisanatsike basi anatichenjeza kawiri konse kuti tisaloze chala kapena kubayibitsa a tsidya linalo. Koma inu mukudziwa mmene amayi anatilerera. Msilikali wa kumpoto atandiyang'ana, dzanja langa linakwera lokha, mpaka ndinapindako bondo. Nthawi yomweyo anatibweza tonse m'basi. Anzanga makumi atatu sanalowe m'kanyumba ka zokambirana chifukwa cha ine.

M'basimo mnzanga wina anandifunsa chimene ndinachitira zimenezo. Ndinayankha modzitama kuti kwathu ku Kafue sitidutsa munthu osamupatsa moni. Mawuwo atangotuluka ndinakuonani m'maganizo, mutasenza chigubu cha madzi, ine ndikuyang'ana kumbali. Ndinalira njira yonse, anzanga n'kumayesa ndikuopa asilikali.

Akulu, manyazi andigwira. Waya wogawa bwalo la amayi ku Nangongwe ndinamanga ndine, pasanathe ndi mwezi womwe chiwaikireni m'manda. Loko papompi ndinaika ndine, chifukwa cha mawu amene munandinena pamaliro, oti sindinawadwazike. Zaka ziwiri mwakhala mukutunga madzi kwa aneba, msana uli choncho. Mlendo wa mfuti ndamugwadira, inu ndinakwera ndeke osakutsanzikani.

Pempho langa ndi limodzi. Uzani ba Lastone, amene akusunga mbali yanga ya nyumba, adule waya uja, ndipo inu musawaletse. Zondikhululukira sindikukukakamizani.

Mupereke moni kwa alamu, kwa ana athu Daliso ndi Jasmine, ndi kwa azakhali ku Shimabala.

Kolimba kamene mwakamva m'envulopumu ndi kiyi ya pompi. Ndinabwera nayo mpaka kuno, n'cholinga choti musadzaipeze.

Ine mng'ono wanu wopusa,
Fridah