Kansato ka Olivia

Loweruka, 2 Novembala

Olivia wandipusitsa. Wafika kuchokera ku Mississauga ndi bokosi lagalasi ndi kathumba kansalu komanga kukamwa, n'kuika patebulo. Ine ndimati ndi nsapato. Kathumba kaja kanagwedezeka.

Nsato! Mwana wa nsato m'nyumba mwanga, mu Oshawa muno. Akuti anagula ku chionetsero cha ziweto, koma komwe amagona ku koleji salola. "Mpaka Khirisimasi basi, Mum. It's a baby." Ndinakuwa n'kukwera pasofa ngati kamtsikana. Iye phwete, n'kukatulutsa. Kutalika kwake sikuposa mkono wanga kuyambira pachigongono, mawanga akuda ndi ofiirira. Kanangodzikulunga ngati mpira, mutu n'kubisa pakati. Akuti mtundu umenewu ukachita mantha umatero, suluma wamba.

Bambo ake akanakhala moyo, sakanalowa nako pakhomo. Koma chimwalirireni a Wyson mu Epulo, mwanayu sindinamumvepo akuseka chonchi. Ndavomera.

Lolemba, 4 Novembala

Malamulo ake kuposa a agogo amene ndimawasamala kuntchito. Kamphasa kamagetsi kotenthetsa kazikhala koyaka pansi pa bokosi. Kupoperamo madzi m'mawa kuti musaume. Osakagwira sabata yoyamba (ngati ndimafuna!). Chakudya chake ndi mbewa zoyera zouma gwa, O. wazisiya m'firiji pafupi ndi usipa wanga. Ine mwana wa ku Dedza kusunga mbewa m'nyumba, wodya n'kukhala wina.

Bokosi lili pabalaza. Kuchipinda ayi.

Lachinayi, 7 Novembala

Kakana kudya. Mbewa ndinaiviika m'madzi ofunda monga anandiuzira, ndinaigwira ndi kopanira n'kumaigwedeza patsogolo pake. Sikanayang'aneko n'komwe.

Ndikuti ndivundikire bokosi, kanadzutsa mutu. Kanaloza kuchitseko cha panja, kalilime katulukire. Kenako mutu uja unayamba kutembenuka pang'onopang'ono, kuchoka pachitseko, kudutsa pabalaza, mpaka kulowera kuchipinda kwanga. Mmene amachitira munthu akamaperekeza mnzake ndi maso. Anali madzulo, kunja kukuwalabe, m'nyumba ndili ndekha. Thupi lonse tsemwe.

Ndamulembera O. pafoni. Akuti njokazi sizidalira maso kwenikweni, zimamva kufunda kwa chinthu ndi timabowo ta pamlomo, mwina ndi mpweya wa hita. Hita ili mbali inayo.

Lamulungu, 10 Novembala

Phyllis anandiperekeza kuchokera kutchalitchi kuti timwe tiyi. Mnzanga wa zaka zonsezi, amene anagona pansi pabalaza langa maliro onse a a Wyson. Ndinali nditafunditsa bokosi chitenje. Anatsegula firiji kufuna madzi oundana, ndinangomva thumba la mbewa lagwa.

"Mayi a Olivia, izi n'zandani?"

Ndinavundukula chitenje, ndinalongosola zonse, za koleji, za chionetsero. Iye maso ali pa kansato, chikwama atachikumbatira pachifuwa. "Zinthu izi kwathu timazidziwa," anatero motsitsa mawu. Tiyi wake wazizira patebulo. Jekete anakavalira panja.

Lachiwiri, 12 Novembala

Nkhani yafika kale ku Ntcheu. Alamu anga a Solomon, akulu awo a malemu, atumiza mawu pa WhatsApp. Sanakalipe, bola akanakalipa. "Mlamu, tamva. Mbale wathu anangogwa ali wabwinobwino. Chaka sichinathe, njoka yalowa m'nyumba. Tiuzeni zoona, mukuweta chiyani?" Ndamvetsera ndili m'basi. Kuntchito ndasambitsa agogo ndikungogwetsagwetsa sopo mpaka andifunsa ngati ndikudwala.

Pagulu la amayi a kutchalitchi ndinalemba za chakudya cha Loweruka. Awerenga onse. Zii.

Kansato kachitanso zija. Dzulo, lero. Ndipo lero m'pamene ndazindikira nthawi yake. Ndi nthawi imene a Wyson ankafika kuchokera kufakitale ya magalimoto, kuvula nsapato pakhomo, n'kulunjika kuchipinda kukasintha asanalonjere munthu.

Sindinauze O.

Lachinayi, 14 Novembala

Maso a kansato achita mbuu ngati mwathiridwa mkaka. O. akuti kali pafupi kufundula, masiku ano sikakuona kanthu. Koma madzulo kaperekezabe, kuchoka pachitseko mpaka kuchipinda. Ndadzipeza nditapinda miyendo kuti adutse.

Loweruka, 16 Novembala

Ndatopa. Ndapeza munthu woti akatenge: Boyd, wa ku Zambia, amakhala ku Mississauga ndipo amaweta njoka zambiri. Nambala wandipatsa ndi O. yemwe, akulira. "Mukusankha ma aunty aja, osati ine." Kenako Chingerezi chothamanga chimene sindinachitole chonse, foni n'kudula.

Mwina akunena zoona. Koma ndikhala bwanji kuno opanda anthu? Ndikadwala adzabwera ndani? Ndikafa, mtembo wanga adzasonkhere ndani kuti upite kumudzi? Ndipo mwanayu sakudziwa kuti dzina lake nalonso likutchulidwa ku Ntcheu.

Boyd ndi waulemu. Ndinamufunsa mozungulira ngati tinjoka timeneti timaona zimene anthu sitiona. Anaseka. "Amai, osayopa. Kanyama ako kalibe moto wake m'thupi, n'kozizira monga mwala. Kamangosakila pamene pali potentha basi, kwasila." Abwera mawa masana.

Mbewa ina ndataya. Milungu iwiri osadya.

Lamulungu, 17 Novembala

Kutchalitchi sindinapite.

M'mawa ndapeza chivundikiro chitasuntha pakona. M'bokosi munali chikopa chokha, chathunthu, chopyapyala ngati pepala, ndi timaso take tomwe. Mwini wake palibe.

Ndinaimbira Boyd. Akuti ndiyang'ane malo ofunda: kuseri kwa firiji, pansi pa hita, kumbuyo kwa TV. Ndakwawa nyumba yonse ndi tochi ya pafoni. Ndatulutsa mapoto, ndakhuthula nsapato, ndagubuduza sofa. Palibe. Ndinalowa kuchipinda kuti ndingokhala pansi ndipume.

Kanali pabedi. Mbali ya kuzenera, ya a Wyson, imene ndimayala koma sindigonako. Chipinda chimenechi chimazizira kuposa nyumba yonse, zenera lake limalowetsa mphepo, ndipo lero dzuwa silinatuluke n'komwe. Sikanadzikulunge. Kanadzitambasula pabulangete, khungu latsopano likunyezimira, maso akuda bii, phee ngati mwana wogona pachifuwa pa munthu.

Ndinagwada kuti ndikanyamule, koyamba chibwerereni. Kumsana kwake kozizira. Kumimba kofunda. Ndinaika chikhatho pabulangete pambali pake.

Pofunda. Kuyambira papilo mpaka kumiyendo. Ndinagwira mbali yanga, zii ngati simenti. Ndinabweza dzanja.

Belu linalira. Boyd anaitana, "Odi, amai!" Anagogoda, anaimba foni, inalira pabalaza mpaka kuleka yokha. Ndinamva galimoto ikuchoka.

"Mwaswera bwanji, bambo a Olivia?" Mawu anangotuluka okha.

Kansato kanadzutsa mutu, koma sikanayang'ane ine. Kanayang'ana kupilo.

Ndikulemba ndili pansi, nditatsamira bedi, dzanja lamanzere lili pabulangete. Sipanazizirebe.