Digiri ya Amake Chisomo

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Joni pamodzi ndi banja lonse. Kuno ku Nabvutika tilipo, kungoti amayi anu ku Madzimoyo sakudya bwino chichokereni inu pamaliro paja.

Lachiwiri masana foni ya malemu mlongo wanu inalira, pakuti mpaka lero sindinaizimitse. Anali mayi wina wa ku yunivesite kuja ankaphunzira digiri ya unamwino pa intaneti. Anati, “Sisita Banda alipo? Sakuyankha mauthenga athu. Akhoza bwino kwambiri, ndiye tikufuna saizi ya gauni.”

Ndinakhala pansi pakhonde. Ndinati, “Mayi, amake Chisomo tinawaika m’manda mwezi watha.”

Kenako ndinamva mayi uja akulira. Anati sanakumanepo nawo, ankangowaona pa laputopu ali mu yunifolomu, nthawi zina mwana ali pamwendo. Alamu, zaka zitatu zonse mlongo wanu ankaweruka ku wodi miyendo itatupa, n’kufikira pa mabuku. Ndikawauza kuti apumeko ankangoseka, amvekere, “Ndidzapuma ndikadzavala gauni.”

Akuti dzina lawo lidzaitanidwabe pamwambo ku Lusaka, ndipo wachibale mmodzi akhoza kukalandira satifiketi. Ine ndikudzidziwa, sindingathe kuimirira pagulu tsiku limenelo. Inu ndi amene munawaperekeza ku sukulu ya unamwino tsiku loyamba, chonde bwerani mudzawalandirire. Amayi sindinawauzebe. Ndikufuna tikawauze tili awiri.

Mulungu akusungeni ndipo akuyendetseni bwino.

Ndine mlamu wanu,
Yohane