Asiyeni Alamu Ayende

Namitete,
9 Sepitembala 2004.

Okondedwa alongo anga, amake Chrissy,

Kalata yanu ndinailandira Lachiwiri, ndipo ndathokoza Mulungu kumva kuti alamu a Duncan atuluka m'chipatala. Kuno tili bwino. Nazale ya fodya tafesa, ngakhale madzi kudambo achepa msanga chaka chino. Mwana wanga Enock akugwirabe ntchito ku Chitedze, amabwera Loweruka lililonse kudzandiona.

Mwalemba kuti alamu atadwala mtima mwadzidzidzi kuntchito, adokotala anawauza kuti aziyenda tsiku lililonse, achepetse mchere, mafuta ndi shuga. Mwati inu simukuwalola kufika ngakhale pageti, mukuwaphikira nyama yokazinga kuti thupi libwerere anthu a ku Mzuzuko asanayambe kulankhula. Ndiye mwandipempha ndikuuzeni mmene ndinkawasamalira malemu amake Enock, poti achibale onse amati palibe mwamuna anadwazika mkazi wake ngati ine. Ndakhala masiku atatu pepalali lili patebulo. Yankho langa si limene mukuliyembekeza.

Mukukumbuka kuti a Lines, amake Enockwo, anadwala mtima mu Epulo 2002, tikukolola. Kuchipatala anatiuza zomwe akuuzani inuzo, ndipo iwo anamvera. M'mawa uliwonse akatha kusesa ankayenda mpaka pamlatho n'kubwerera. Poyamba ankapuma kanayi panjira, kenako kawiri, kenako osapumanso. Mafuta anasiya, masamba ankangotendera, mu nyemba mchere wa kunsonga kwa sipuni. Tiyi wopanda shuga ankamwa atakwinya nkhope, n'kumadziseka okha. Pofika Ogasiti bulauzi yawo ya Chigwirizano inawakulira, anachita kuibweza ndi singano. Tsiku lina pochokera kutchalitchi anandiuza kuti, "Atate ake Enock, chitunda chija lero ndakwera ndikuimba."

Ndinakondwa, mpaka Loweruka lina pamsika. Ndinali kwa wokonza njinga, pali amuna angapo. Mmodzi, amene sindimutchula chifukwa timadyera limodzi mgonero, anati, "A Levison, amayi akutha bwanji chonchi? Kodi ku Kanengo kuja mumangogulitsa fodya yekha?" Wina anati, "Musiyeni mnzathu, okushoni imachedwa, munthu agone kuti, eti?" Onse anaseka. Inenso ndinaseka nawo, sindikudziwa chifukwa chake.

Mukudziwa mmene zilili kwathu kuno. Taika maliro ambiri, ndipo munthu akangoonda anthu amaganiza matenda amodzi okha. Ine sindinawachimwirepo a Lines, koma pobwerera kunyumba ndinkaona ngati aliyense wondipatsa moni akundiwerengera masiku. Ndinagula nyama ya nkhumba yonona ndi botolo la mafuta, ndinafika n'kuziika pamkeka.

Ndinati, "Zoyenda pamsewu zija zithe. Mukudzionetsa kwa anthu."

Iwo anati, "Koma adokotala aja anati..."

Ndinawadula. "Adokotala sakhala m'mudzi muno."

Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Nanunso mwazimva? Ine ndinazimva kale kumjigo mu Julayi. Ndinkati bola inuyo mukudziwa zoona."

Ananyamula nyama ija kupita nayo kukhitchini.

Kuyambira pamenepo shuga ndinkawathirira ndekha. Ndikapita pamsika ndinkabwera ndi mandasi kapena tchipisi. Khasu ndinawaletsa, kumjigo ndinawaletsa, ndinati wodwala azipuma. Sanakanganepo nane. Nsapato zoyendera zija anazitsuka n'kuziika pansi pa bedi. Thupi linabwerera, ndipo anthu anasintha nkhani, anayamba kunditama. Inu nomwe mutabwera pa Khirisimasi munawagwira mkono n'kunena kuti, "Alamu, mwabwerera mwakale! Levison akukusungani bwino." Iwo anangomwetulira. Simunaone kuti kuchoka kukhitchini kufika pakhonde ankatsamira khoma kuti apeze mpweya. Ine ndinkaona.

Zotsala mukuzidziwa. M'mawa uja wa Malichi ankasankha nyemba pakhonde, anati chifuwa chawathina, ndipo ngolo isanafike kumsewu waukulu anali atatisiya.

Patapita mwezi ndinapita kukafunsa adokotala ngati akanakhala moyo akanapitiriza kuyenda. Anandiyankha mwachifundo kuti zimenezo palibe angazidziwe, mtima unali utavulala kale. Masiku ena mawu amenewo amandithandiza kudya. Koma chimene ndinachita ndikuchidziwa. Munthu ankakwera chitunda akuimba, ine n'kumukhazika pansi chifukwa cha amuna anayi a pamalo okonzera njinga. Atatu a iwo anabwera kumaliro, anandigwira dzanja, anati ndinayesetsa.

Alongo, sindine wophunzira kwambiri, sukulu ndinalekezera fomu thuu, ndipo za mtima sindingakuphunzitseni. Pitani nawo alamu kuchipatala, mukafunse kuti ayambe ndi mtunda wotani, ndipo zimene akakuuzenizo muchite zomwezo. Ayambe pang'ono. Muziyenda nawo inuyo, asamaoneke okha pamsewu, chifukwa a Lines ndinkawasiya ayende okha, mwina n'chifukwa chake anthu anapeza pokambira. Mafuta ndi mchere muchepetse mumphika wa banja lonse, musawaphikire paokha ngati mlendo. Ndatumiza mtedza ndi nyemba kudzera kwa a Eliza a kumpingo kwathu amene akubwera kumeneko Lolemba. Akayamba kuchepa thupi anthu adzalankhula, za iwo ndi za inu. Zidzawawa, sindikunamizani. Mudzangolimba mtima.

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale abusa. Enock amadziwa kuti amayi ake anasiya kuyenda chifukwa cha miyendo, poti ndi zimene iwo anamuuza pofuna kundibisa ine. Ndaganiza zomuuza Loweruka likubwerali. Mundipempherere, chifukwa mwana ameneyu ndi yekhayo amene amandigogodera pakhomo.

Ndikudziwa kuti a Lines sanali alamu anu chabe, anali mnzanu kuyambira kusukulu. Mukapanda kundiyankha msanga ndidzamvetsa. Koma mkwiyo wanu ukhale pa ine, alamu ayende.

Mundiperekere moni kwa Chrissy ndi azing'ono ake, muwauze kuti amalume awo amawakumbuka. Kwa alamu a Duncan moni wapadera. Ngati mungathe, muwawerengere kalatayi yonse, osadumpha pamene pandichititsa manyazi. Muwauze kuti mukadzabwera kumudzi ndikufuna ndidzawaone lamba atabooleranso bowo lina, thalauza likukhwepa. Ndidzawalandira pamsewu, ndipo tidzadutsa pamsika pomwepo ndi miyendo, anthu onse akuona.

Ndine mlongo wanu,
Levison.