Giyabokosi ya a Vitus

Lolemba, 5 Meyi 2003
Giyabokosi yafika! Abwera nayo ndi alamu anga a Vitus, ang'ono awo a malemu amuna anga, kuchokera ku Chipata. Yokulunga m'chiguduli ngati mbuzi yakuba. Yakale ija inanditopetsa. Pikapu yangayi ikangoona chitunda, giya yachitatu imachoka yokha. Pa Pasaka anthu a matola anakankha mpaka pa Kachebere, zovala za kutchalitchi zili m'thupi. Manyazi ake!
A Vitus akuti iyi ndi yamakono, akampani anakonza vutolo m'kati. Ine kunjaku ndikuona chimodzimodzi. Kungoti yatsukidwa.

Lachiwiri, 6 Meyi
Kwa a Lameki, makaniko wathu wa pa Boma. Aitembenuza, aigogoda, mpaka kuinunkhiza. Manambala ake anafufutika. Akuti chigoba n'chimodzi, kusiyana kuli pa mphete zamkuwa zogwira magiya: zamakono ndi zonenepa. "Mayi, popanda kutsegula ndikunamizani."
Sabata yamawa ndikanyamula mabelo a ku esiteti. Giya ikakachoka fodya wa eni ali pamsana, ntchito imeneyi ndiiwale.

Lachinayi, 8 Meyi
Nkhani yoti ndikufuna kutsegulitsa yafika kale ku Dambe, kwawo kwa malemu amuna anga. A Vitus akuti ndikatsegula ndiye kuti ndawayesa wakuba. Apongozi nawo atumiza mawu: ndisaiwale kuti pamaliro ndi a Vitus okha anakana kuti achibale andilande galimotoyi.
Zoona. Ndalira pang'ono kuseri kwa nkhokwe. Kenako ndakazinga mtedza.

Loweruka, 10 Meyi
Ndatsegulitsa basi. Oyilo mpaka pachitenje changa chatsopano. A Lameki ayala zonse pamatumba a feteleza, za yakale uku, za ya ku Chipata uku. Ndavala magalasi a malemu kuti ndione bwino. Mphete zonenepa! Mano onse alipo, waliwali. Yamakonodi.
Ndavina pagalaja pomwepo, anthu akuombera m'manja. Kungokumbuka a Vitus, kuvina kwathera pomwepo.

Lachisanu, 16 Meyi
Mabelo afika ku okushoni bwinobwino. Giya phee, ngati yomatidwa. Dalaivala wanga Stefano kuimba njira yonse, mawu ake oipa aja. A Vitus sakuoneka, ngakhale pamsika. Ndagula tambala.

Lamulungu, 18 Meyi
Ku Dambe, tambala m'khwapa. Mawu opepesa ndawakonza njira yonse. Ndisanakhale n'komwe, a Vitus andikodola kuti tipite kuseri kwa chigafa, n'kunong'ona: "Mlamu, ndiye munapezamo chiyani?"
Ndawauza. Iwo khu pansi, chipewa m'manja, kuseka mpaka misozi. Kani nawonso sankadziwa! Anangokhulupirira wogulitsa wa ku Chipata uja. Kukwiya konse kuja anali mantha, masiku onsewa amandizemba.
Tambala tadyera limodzi. Za mantha a Vitus, apongozi sitinawauze.